Mmene wogwira ntchito m'boma ku Salima angawonjezerere maphunziro pamene chuma chavuta

Kuyambira pa 9 Novembala 2023 kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo dola imene mabanki ankagulitsa pa K1,180 inafika pa K1,700. Namwino kapena kalaliki wa ku khonsolo amene ankayenera kulipira madola 100 a mayeso anagona akufunika K118,000 n'kudzuka akufunika K170,000, malipiro ake ali pomwe analili. Mu Meyi 2022 kwacha inali itagwa kale ndi 25 peresenti. Zinthu zikafika potere, ndalama zophunzitsira antchito ndi zina mwa zimene maofesi amayamba kudula. N'chifukwa chake ambiri amene akufuna kukwera giredi masiku ano akudzilipirira okha, pa malipiro amene safika ndi pa 20 pa mwezi pomwe. Ndalama yopezeka movutikira chonchi imafunika kuti ikagwere pamalo pake.

Yambani mwadziwa mpando umene mukuufuna

Ambiri amazindikira atawononga kale zaka zinayi kuti m'boma pepala silikweza munthu palokha. Mutha kubwera ndi digiri yabwino, a HR (oona za antchito) n'kuiika m'fayilo, inu n'kupitiriza kulandira pa giredi yomweyo mpaka kalekale. Munthu amakwera pakapezeka mpando wopanda mwini pa establishment (mndandanda wa mipando yovomerezeka) ya unduna kapena ya khonsolo, mpandowo n'kulengezedwa, iye n'kupempha, n'kuitanidwa ku intavyu, n'kupambana. Amene amachititsa intavyu ndi komishoni: Civil Service Commission, Teaching Service Commission, Health Service Commission kapena Local Government Service Commission. Chibwerereni mphamvu ku anthu, mipando yambiri ya m'maboma ikudutsira ku komishoni ya makhonsoloyi, choncho muziona bwino amene watulutsa chilengezo.

Ndiye musanapite kukatenga fomu ya sukulu iliyonse, pitani kaye kwa a HR ku khonsolo. Afunseni kuti pamwamba pa mpando wanu, mu mzere wa ntchito yanu, pali mipando iti. Uliwonse umafuna pepala lanji. Ndipo munthu amayenera kukhala zaka zingati pa giredi imene ali kuti aloledwe kupempha. Mukatero sonkhanitsani zilengezo zakale za mpandowo, zitatu kapena zinayi, za m'nyuzipepala kapena zimene zinamatidwa pa bolodi, n'kukopera mawu ake ndendende. Osankha maina oitanidwa ku intavyu amayerekeza dzina la pepala lanu ndi zimene zalembedwa pa chilengezo. Ngati chikufuna digiri ya Accountancy inu muli ndi ya Business Administration, fomu yanu ikhoza kuikidwa pambali ngakhale mwakhala zaka khumi mukugwira ntchito ya maakaunti.

Mwachizolowezi dipuloma imalowetsa munthu pa giredi K ndipo digiri pa giredi I. Koma njira yofikira pamenepo imasiyana. Mlangizi wa zaulimi wa ku Chinguluwe kapena ku Tembwe amene ali ndi dipuloma ya ku Natural Resources College (NRC) amayang'ana madigiri a ku LUANAR ogwirizana ndi ntchito ya ulangizi. Mphunzitsi wa pulayimale amene akufuna kupita ku sekondale amayang'ana ku Domasi, ku Nalikule kapena maphunziro a ODL (ophunzira uli kutali ndi sukulu) a ku Mzuzu University, ndipo aganizire bwino maphunziro awiri amene adzaphunzitse, pakuti a masamu ndi sayansi ndiwo amasowa kwambiri m'ma CDSS.

Kwa ena chotchinga chili kumbuyo, pa MSCE. Mayunivesite amafuna makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo kirediti imalekezera pa 6. Magiredi 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe. HSA (wazaumoyo wa m'midzi) wa ku Khombedza amene akufuna unamwino koma ali ndi 7 pa Biology asataye ndalama kugula mafomu chaka ndi chaka. Alembetse ku open school, alemberenso. Palibe chochititsa manyazi pamenepa, ndipo ndi njira yotsika mtengo kuposa ina iliyonse. Achenjere pokha kuti masukulu ena salola magiredi ophatikiza kuchokera ku mayeso oposa awiri, choncho ndi bwino kulemba kamodzi maphunziro onse amene ali ofooka.

Sukuluyo ndi yovomerezeka?

Bungwe la National Council for Higher Education (NCHE), limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, ndilo limalembetsa masukulu a ukachenjede ndi kuvomereza maphunziro awo. Zinthu ziwirizi n'zosiyana, ndipo apa ndi pamene anthu amagwera. Sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa koma pulogalamu imene mukufunayo isanavomerezedwe. Pezani mndandanda waposachedwa wa NCHE, mufufuze dzina la sukulu, dzina la pulogalamu ndi nthambi imene mukaphunzireko. Wa ku ofesi yolembetsa ophunzira akakuuzani kuti zili m'njira, dikirani mpaka zifike. Ngati sukuluyo ndi yakunja yophunzitsa pa intaneti, lemberani a NCHE musanalipire tambala iliyonse, chifukwa ndi iwo amene adzaunike pepalalo mukadzamaliza.

Ntchito zina zili ndi mlonda wachiwiri. Anamwino ndi azamba amayang'aniridwa ndi Nurses and Midwives Council of Malawi, madokotala ndi ma clinical officer ndi Medical Council of Malawi, aphunzitsi ndi Teachers Council of Malawi, ogula katundu wa boma ndi Malawi Institute of Procurement and Supply. Pepala limene bungwe la ntchito yanu silikulizindikira silingakupezetseni laisensi. A ntchito zamanja, monga okonza magetsi ndi mipopi pa chipatala, afunse ku Salima Technical College za maphunziro a pansi pa TEVETA asanaganize zopita kutali.

Chilolezo chikhale cholembedwa

Lembani kalata yopempha chilolezo, yodutsira kwa akuluakulu anu onse motsatana. Kwa mphunzitsi ndiye kuti ahedi, a PEA (mlangizi wa masukulu a pulayimale a m'zoni), ofesi ya a DEM (mkulu wa zamaphunziro m'boma lanu), mpaka kwa a DC. M'kalatamo mutchule dzina lanu monga lilili pa payslip, nambala yanu ya ntchito, giredi, tsiku limene munayamba ntchito, pulogalamu, sukulu, kutalika kwa maphunziro, amene adzalipire, ndi mmene maphunzirowo akugwirizanirana ndi ntchito imene mukugwira. Muphatikize kope la kalata yokuitanani ku sukulu ndi la kalata yokutsimikizani pa ntchito. Ambiri amadzidzimuka apa kuti kalata imeneyi, ya confirmation, sinatuluke ngakhale agwira zaka zisanu ndi zitatu. Ngati yanu mulibe, yambani kulondola imeneyo, chifukwa popanda iyo pempho la study leave (tchuthi chokaphunzira) limavuta kuyenda, ndiponso idzafunika pa intavyu.

Sindikizani makope atatu. Ofesi iliyonse imene mwasiyako kalata ikudindireni chidindo cha tsiku pa kope lanu. Makalata amasochera pakati pa TDC (ofesi ya a PEA) ndi ku boma, makamaka nthawi ya mvula pamene a PEA akulephera kuyenda ndi njinga yamoto, ndipo chidindocho ndicho chidzakuchitireni umboni kuti munapempha nthawi yabwino.

Nthawi yopemphera nayo ili ndi ntchito. Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, ndipo maofesi amakonza mapulani ndi bajeti miyezi ingapo Epulo asanafike. Dzina lanu likhale litalowa mu training plan ya ofesi nthawi imeneyo. Amene wabwera ndi kalata ya sukulu sabata ziwiri sukulu isanatsegule amauzidwa kuti sali pa pulani, ndipo mkulu wake salakwa kutero.

Njira zilipo zitatu: kupita ku sukulu mukulandirabe malipiro, kupita popanda malipiro, kapena kuphunzira muli pa ntchito, kumapeto kwa sabata, pa block release (kupita ku sukulu milungu yochepa nthawi imodzi) kapena pa ODL. Yoyambayo imabwera ndi bond, pangano lakuti mukamaliza mudzagwirira boma ntchito kwa nthawi yakutiyakuti, ndipo mukachoka isanakwane mudzabweza ndalama. Werengani pangano lonse musanasaine, musunge kope. Yachiwiri ndi yoopsa kwa amene ali ndi ngongole yodulidwa pa malipiro, chifukwa malipiro akaima ngongoleyo imangotupa. M'nyengo ino yachitatu ndiyo ikuthandiza ambiri, komabe nayo pemphani chilolezo, kuti masiku a mayeso ndi a block release asadzawerengedwe ngati kujomba.

Cholakwika chachikulu n'kunyamuka kalata yovomereza isanatuluke, pongodalira mawu a pakamwa akuti pitani tidzakonza. Amene ananena mawuwo akasamutsidwa, wolowa m'malo mwake amangoona kuti simukupezeka pa ntchito. Malipiro amaimitsidwa, mlandu wothawa ntchito umatsegulidwa, ndipo kubwerera pa payroll kumatenga miyezi, ma arrears osanena.

Werengani ndalama zonse, kuyambira pa kabaza

Fizi ndi gawo limodzi chabe. Tengani kope, mulembe za semesita imodzi: fizi, ndalama yolembetsera, ya mayeso, thiransipoti, malo ogona, chakudya, mabandulo, kusindikiza ma assignment. Chaka chomaliza muwonjezere za kafukufuku ndi kumanga mabuku a dissertation. Kuchoka pa Kamuzu Road kupita ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100. Ngati makalasi ali Loweruka ndi Lamlungu lililonse kwa masabata 15, ndiye kuti mukwera minibasi maulendo 30 pa semesita, kuphatikizapo kugona usiku umodzi kapena uwiri ulendo uliwonse. Wochokera ku Nkhotakota kapena ku Dwangwa mtunda wake ukuposa kawiri pamenepo, ndipo msewu wa M5 nthawi ya mvula sudalirika. Mafuta akasowa mtengo wa minibasi umakwera tsiku lomwelo. Mukawerengetsa bwino mupeza kuti sukulu ya fizi yokwererapo koma yoitana ophunzira milungu iwiri yokha pa semesita ikhoza kukhala yotchipa kuposa ya fizi yotsika yofuna kuti muzipezeka sabata iliyonse.

Mukaphatikiza zonse, onjezeranipo gawo limodzi mwa magawo atatu pa chaka chotsatira. Mu 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi maperesenti opitirira 30 pa chaka, ndipo bajeti yowerengera mitengo ya lero imakasweka m'chaka chachiwiri, pamene mwalowetsa kale ndalama zambiri moti kusiya n'kopweteka.

Pamene pali mwayi wosankha, tengani maphunziro olipira m'makwacha. A zowerengera ndalama ali ndi makwerero a ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama la m'dziko muno, kuyambira pa Certificate in Financial Accounting, kudzera pa Technician Diploma, mpaka kukhala chartered accountant, zonse m'makwacha. ACCA, ya bungwe la ku Britain, ndi pepala lolemekezeka, koma kulembetsa, ndalama ya pachaka, mayeso ngakhalenso ma exemption (kuloledwa kudumpha mayeso ena) amalipiridwa m'mapaundi, ndipo kupeza ndalama zakunja ku banki masiku ano kumafuna kudikira. Amene anayamba kale ACCA asasiye. Alembe pepala limodzi limene walikonzekera bwino, alipire nthawi yolembetsa isanathe kuti apewe mtengo wa ochedwa, ndipo apite ku banki mwezi wathunthu tsiku lomaliza lisanafike.

Za ngongole timanena mosabisa. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza policy rate (chiwongoladzanja chimene imabwereketsera mabanki) kufika pa 26 peresenti, ndipo chiwongoladzanja cha mabanki chimakhala pamwamba pa imeneyo. Kutenga ngongole ya fizi ya zaka zinayi nthawi imodzi n'kudzimangirira mwala m'khosi. Bwerekani za semesita imodzi, zoti mubweze semesita ina isanayambe. SACCO, monga United Civil Servants SACCO, imabwereketsa molingana ndi masheya anu, choncho yambani kusunga chaka chimodzi musanayambe sukulu. Ngati muli pa chipereganyu, pemphani anzanu kuti mwezi wanu wolandira ukhale umene fizi ikufunika. Kwa akatapila, amene amasunga khadi lanu la ATM, musapondeko. Ambiri amene anasiyira sukulu panjira anayambira pamenepo.

Khalani pansi ndi akunyumba muyale kalendala. Fizi ya ana imafunika mu Sepitembala, Januwale ndi Epulo, feteleza mu Okutobala ndi Novembala, ndipo chimanga chimakwera mtengo kuyambira Disembala mpaka Febuluwale. Gulani chimanga cha chaka chonse mu Meyi kapena Juni chikadali chotsika, muthire mankhwala, kuti njala ya mu Januwale isadzadye fizi yanu. Amene ali ndi munda wa mpunga cha ku Lifuwu asunge matumba angapo oti adzagulitse mwezi wa fizi. Banja limene silinagwirizane za sukuluyi limayamba kukangana pa semesita yachiwiri.

Polipira, ikani ndalama mu akaunti ya sukulu yokha, ndipo pa silipi mulembe nambala yanu ya ophunzira. Jambulani silipiyo pa foni tsiku lomwelo, mukachitenso fotokope. Malisiti a pamakina amafufutika ndi kutentha kwa kunyanja kuno, ndipo pofika nthawi ya mayeso mutha kutulutsa kapepala koyera.

Ganiziraninso zaka zanu. M'boma munthu amapuma ali ndi zaka 60. Tengani kusiyana kwa malipiro a giredi yanu ndi imene mukuifuna, muchulukitse ndi miyezi imene idzatsale mukadzamaliza sukulu, mutachotsapo zaka ziwiri kapena zitatu zodikira mpando. Ngati zotsatira zake sizikuposa ndalama za sukulu, kosi yaifupi ya ku Malawi School of Government, ku Kanengo kapena ku Mpemba, ingakupindulireni kuposa digiri.

Maphunziro olipiridwa ndi ena

Mwayi wa JICA ya ku Japan, wa ITEC ya ku India ndi wina wotere nthawi zambiri umadutsira m'maunduna ndi ku Department of Human Resource Management and Development, ndipo makalata ake amafika m'maboma masiku atatsala ochepa. Amene amapita ndi amene mapepala ake anali okonzeka kale: pasipoti yosatha, CV, transcript ndi makalata a umboni. Chevening ya ku Britain munthu amapempha yekha pa intaneti. Imafuna digiri yoyamba, maola 2,800 ogwira ntchito, kusankha makosi atatu a masters, ndi kubwerera kumudzi kwa zaka ziwiri mukamaliza. Kupempha n'kwaulere, ndipo aliyense wokuuzani pa WhatsApp kuti mutumize ndalama ku Airtel Money kapena Mpamba kuti akusungireni malo ndi wakuba. Alangizi a zaulimi angapindulenso ndi makosi aulere a FAO elearning Academy. Sakweza giredi, koma amapatsa munthu zoyankha pa intavyu.

Muli pa sukulu, ntchito isafe

Amene adzalembe za kagwiridwe kanu ka ntchito ndi mkulu yemweyo amene mukumusiyira kalasi kapena wodi Lachisanu lililonse. Mupatseni timetable ya semesita yonse poyambirira, mugwirizane ndi mnzanu wokugwirirani, ndipo mubweze masiku ake mokhulupirika. Mafomu a appraisal (ounika kagwiridwe kanu ka ntchito) muzidzaza chaka chilichonse ndi kusunga kope losainidwa. Mukapatsidwa udindo wogwirizira, monga kukhala in-charge pa health centre kapena wachiwiri kwa ahedi, pemphani kalata. Zaka zitatu zogwirizira popanda kalata komishoni siziona. Laisensi yanu nayo isathe chifukwa chotanganidwa ndi sukulu. Anamwino azilembetsa ma CPD (maphunziro owonjezera luso ali pa ntchito) awo nthawi yomweyo akachita.

Magetsi ndi netiweki zikapezeka, tsitsani zonse zowerenga za mwezi wathunthu musunge pa foni ndi pa flash. Assignment muzitumiza kutatsala tsiku, chifukwa makina a sukulu salandira chifukwa chakuti magetsi anazima ku Chipoka. Pezani anzanu awiri kapena atatu a kosi yomweyo m'boma lino kuti muzigawana buku, chipinda chogona ku Lilongwe ndi mtengo wosindikiza.

Pepala likatuluka

Tengani satifiketi pamodzi ndi transcript. Chitani mafotokope, akadindidwe kwa commissioner for oaths, monga majisitireti kapena loya. Lembani kalata yodziwitsa kuti mwamaliza, yodutsira njira yomwe ija, yopempha kuti fayilo yanu ikonzedwe, ndipo ngati munali pa study leave mulembenso yosonyeza tsiku limene mwayambiranso ntchito. Pakatha mwezi pitani mukaone ndi maso anu kuti mapepalawo alowadi m'fayilo.

Yang'anitsitsani maina. Ngati pa MSCE pali dzina la bambo anu, pa digiri la amuna anu, pa chitupa cha unzika kalembedwe kena, kalumbireni affidavit tsopano, chilengezo chisanatuluke. Zoterezi zimagwetsa anthu pa tebulo loyamba. Mapepala enieni muwasunge m'pulasitiki yotseka bwino, pamwamba, kutali ndi chiswe ndi chinyezi, ndipo muwajambule n'kudzitumizira pa imelo. Madzi amene anasefukira ku Dwangwa kumayambiriro kwa 2024 analowa m'nyumba mofulumira, ndipo nthawi yotere munthu amayamba wanyamula ana.

Pokonzekera intavyu werengani ntchito za mpandowo monga zalembedwera pa chilengezo, Malawi Public Service Regulations, ndi malamulo okhudza gawo lanu: Public Service Act ya 1994, Local Government Act ya 1998 kwa a m'makhonsolo, Public Finance Management Act ya 2022 kwa ogwira ndalama. Dziwaninso nsanamira zitatu za Malawi 2063, zomwe ndi ulimi wopindulitsa ndi wamalonda, mafakitale, ndi kukula kwa matauni, ndipo mukonzekere kufotokoza mmene ntchito yanu ikulowera pamenepo ndi zitsanzo za kumene mukugwira. Tengani mapepala enieni onse, ndipo mukhale mutakambirana kale kunyumba kuti mpandowo ukhoza kukhala ku Nsanje kapena ku Chitipa.

Mukaona kuti mwadumphidwa mopanda chilungamo, lembani kalata yodandaula kudzera kwa akuluakulu anu, mutchule nambala ya chilengezo ndi masiku, muphatikize makope odindidwa aja. Dziwitsani bungwe lanu la antchito, kaya ndi TUM ya aphunzitsi, CSTU ya ogwira ntchito m'boma kapena NONM ya anamwino ndi azamba. Yankho likapanda kubwera, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo a mtundu umenewu kwaulere, ndipo idzafuna kuona kalata zimene munalemba poyamba ndi masiku amene zinalandiridwa.